Buku la a Shaba Linakulunga Zitumbuwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pulogalamu ya maliro. Ndinali nditamaliza kosi ya kompyuta ku Mponela, satifiketi ili m'chikwama, koma ntchito kuli zii. Azakhali anga, amene ankagulitsa kaunjika mumsika wa pa Mzimba Boma, anandiitana kuti ndikakhale nawo m'malo mongokalambira pakhonde la amayi. Nditakhala sabata ziwiri, anabwera ndi nkhani kuchokera ku umanyano, umene kwathu timati mvano: amama NyaTembo, eni ake a kashopu kotayipa pafupi ndi depoti, akufuna mtsikana wodziwa kompyuta. M'mawa mwake ndinasita bulauzi n'kupita. Satifiketi yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anandikhazika pampando n'kundipatsa pepala lolembedwa ndi pensulo, lopindikapindika.

"Thupi linyamuka leveni koloko," anatero. "Tayipa tiwone."

Ndinamaliza anamfedwa amene anabweretsa pepalalo asanamalize kupatsana moni ndi anthu pakhomo. NyaTembo anawerenga mzere uliwonse akuloza ndi chala, kenako anati, "Mbwenu wayamba." Kulembedwa ntchito kwake kunali komweko.

Kashopuko kanali chipinda chimodzi. Munali makompyuta awiri, pulinta imodzi, makina a fotokope aakulu ngati firiji yogoneka, makina oboola mapepala pomanga timabuku ta sipairo, sitepula yaikulu, ndi chodulira mapepala chimene NyaTembo sankalola munthu kuchigwira akucheza. Tinkatayipa chilichonse chimene munthu wabwera nacho: makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mayeso a sukulu zapulaiveti, madandaulo a malire a minda. Dongosolo lake linali limodzi. Umatayipa, umaseva pa kompyuta ndi pa fulashi pomwe chifukwa magetsi sachita nawe pangano, umapulinta kope loyamba, mwini wake amawerenga n'kuchonga zolakwika ndi bolopeni yofiira, umakonza, kenako umapulinta lenileni. Pansi pa tsamba lililonse pankayenera kukhala dzina la shopu m'timalemba ting'onoting'ono, kuti anthu adziwe kumene ntchito yabwino imachokera. Ndipo lamulo lalikulu la NyaTembo linali ili: "Tayipa zimene waona. Mwini nkhani si iwe."

Mapepala owonongeka tinkawaponya m'katoni ya pansi pa tebulo. Loweruka lililonse amama NyaBanda, ogulitsa zitumbuwa pageti la msika, ankabwera kudzawatenga kuti azikulungira malonda awo, ndipo ankatisiyira zitumbuwa zotentha zomwera tiyi. Makalata a kukhoti ndi a kuchipatala okha ndi amene tinkakawotcha kuseri kwa shopu.

Pa kompyuta inayo pankakhala Tiwonge, ndipo ndinene mosapsatira mawu: mtsikana ameneyu ndinamuchitira nsanje kuyambira sabata yoyamba. Anali wa ku Embangweni, wamkulu pang'ono kwa ine, ndipo anandiyambirira ntchitoyo ndi zaka zitatu. Ankatayipa ndi zala zinayi, akusakasaka malemba ngati nkhuku yotola mapira. Ine ndinkatayipa ndi zala khumi osayang'ana pansi. Koma kompyuta yatsopano inali yake, mpando wa khushoni pawindo unali wake, ine kompyuta yakale pakona, mpando wa pulasitiki, pafupi ndi fotokope, moti aliyense wofuna kukopa chiphaso ndinkamunyamukira ndine.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali makasitomala. Munthu ankalowa, n'kundipeza ine manja ali lende, koma n'kukaima kumbuyo kwa anthu atatu kudikira Tiwonge. Iye ankayamba ndi "Monire adada, kukaya kuli uli?" n'kufunsa za ng'ombe imene inadwala chaka chatha, za mpongozi amene anapita ku Joni, mpaka ine mumtima n'kumati, tayipa iwe, si pa chitsime pano. Ine Chitumbuka changa chinathera pa "yewo." Ndikanena kuti, "Bwerani kuno bambo ndikuthandizeni msanga," ankamwetulira mwaulemu n'kuyankha, "Yewo mama, tilindirenge." Msanga wangawo palibe ankaufuna.

Kenako kunabwera a Shaba.

Anali bambo achikulire, aatali, opuma pantchito ya ukalaliki m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo ankakhala kufupi ndi Luwawa. Ankabwera Lachiwiri lililonse pa lole ya matabwa, jekete lawo likununkhira utsi wa paini, atanyamula jumbo yokhala ndi makope asanu achikuto cholimba omangidwa ndi linya. Anali atalemba buku, nkhani yopeka yonyogodola anthu adyera ndi andale, ndipo ankafuna litayipidwe mutu ndi mutu. Tsono imvani pamene panandilasa: bukulo analilemba m'Chichewa, kuti dziko lonse liwerenge. Chichewa changa ine, choyamwa. Koma analowa, n'kundipatsa moni, n'kupitirira kukapereka makope aja kwa Tiwonge.

Mwini nkhani m'bukumo anali Olemekezeka a Sindikhuta. Ndinkamva zidutswazidutswa a Shaba akamawerenga kope loyamba mokweza, bolopeni yofiira ili m'manja. A Sindikhuta anatsegulira mjigo umodzi katatu, chisankho chilichonse akungoupaka penti ina n'kudula riboni. Pamaliro ankafika ndi tenti, n'kulankhula nthawi yaitali kuposa abusa, ndipo anyamata awo ankazula tentiyo anthu asanabwere kumanda kuti akaionetsenso pamaliro ena. Anagulitsa chigawo chimodzi cha mitengo kwa ocheka matabwa awiri, ndipo awiriwo atamenyana, oweruza mlandu anali iwo omwe, n'kuwalipitsa onse matabwa. Tiwonge ankaseka mpaka kugwetsa mutu pa kiyibodi. Ine ndinkaseka cham'mimba, nkhope ili gwa, ndikunamizira kuchotsa pepala lokodwa mu fotokope.

A Shaba sankabwera chimanjamanja. Lero kabotolo ka uchi, sabata ina bowa wa m'paini, ina mbatata ya kachewere, zonse za "mwana wane Tiwonge." Iye ankandigawira, ndipo ndinkalandira, koma uchi umenewo kwa ine unkawawa. Tsiku lina ndinamva akumuuza kuti, "Bukuli likatuluka, dzina lako lidzakhala patsamba loyamba, pa othokozedwa." Tsiku limenelo ndinalakwitsa khadi ya ukwati kawiri. Dzina m'buku! Munthu wa zala zinayi!

Mwayi wanga, kapena ndinene tsoka langa, unabwera mwezi wachitatu a Shaba chiyambire kubwera. Amalume ake a Tiwonge anamwalira ku Embangweni, ndipo ananyamuka Lachitatu m'mawa, n'kunena kuti abwera sabata yotsatira. Makope a a Shaba anawasiya m'dirowa yake. NyaTembo anali otanganidwa ndi kukagula mapepala ku Mzuzu ndi zina za kumpingo, moti nthawi zambiri m'shopu ndinkatsala ndekha. Lachinayi masana kunalibe anthu. Ndinakhala pampando wa khushoni uja kuti ndingoumva kukoma kwake, dzanja linapita lokha ku dirowa, ndipo ndinapeza pamene Tiwonge analekeza: mutu wachisanu ndi chiwiri.

Maganizo anga anali akuti ndiutayipe wonse, woyera, wopanda cholakwika ngakhale chimodzi, kuti Lachiwiri a Shaba akadzafika ndidzauike patebulo n'kunena modzichepetsa kuti, "Ndinangoti ntchito isaime." Akanaona okha kusiyana kwa wophunzira ndi wongozolowera.

Nditayamba kuwerenga ndinadabwa. M'kopemo munalibe dzina la Sindikhuta. Zochita zinali zake zomwe, mimba yake yomweyo, koma dzina linali lina, dzina wamba la munthu, loyamba ndi la bambo ake lomwe. Mkazi wake, mlamu wake, onse anali ndi mayina osiyana ndi amene ndinkamva. Ndinabwerera ku mitu yakale m'kopemo, chimodzimodzi. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa. Ine ndinawomba m'manja. Ndinati ndamugwira! Tiwonge akusintha mawu a mwini nkhani, akuphwanya lamulo la NyaTembo, ndipo mkuluyu akungomulekerera chifukwa chomukonda. Foni yake ndinali nayo, koma kumufunsa kukanakhala kuvomera kuti pali chimene iye akudziwa ine osachidziwa. Safunsa anadya phula.

Ndinatsegula fayilo yake ya mutu wachisanu ndi chimodzi kuti nditengere kakonzedwe: dzina la buku ndi la wolemba pamwamba, dzina la shopu pansi. Ndinatayipa monga zinalembedwera, dzina lililonse m'malo mwake, n'kuseva fayiloyo ndi dzina langa, kuti pasadzakhale mkangano wa amene anagwira ntchitoyo.

Mutu umenewo unali wokoma kuposa yonse. Mkulu uja anatuma anthu kukatentha nkhalango m'chilimwe kuti mitengo yopsa igulitsidwe motchipa, n'kuigula yekha kudzera mwa mlamu wake. Mvula itagwa, yemweyo anatsogolera tsiku lodzala mitengo, atavala gambutsi zatsopano, n'kukwirira mbande imodzi ili m'chubu chake chakuda, akumwetulira ojambula. Ana asukulu anamuimbira nyimbo yomuthokoza. Ndinkatayipa ndikuseka ndekha, ndipo ndikuvomera kuti ndinanyadira kukhala woyamba kuuona, Tiwonge asanauone.

Lachisanu ndinapulinta. Masamba khumi ndi asanu ndi limodzi anatuluka ndi mizere yoyera pakati, chizindikiro choti tona, inki ya mu pulinta, yatsala pang'ono kutha. Mankhwala ake ndi odziwika: umatulutsa tona, umaigwedeza uku ndi uku kangapo, umabwezera. Ndinachita zomwezo, kope lachiwiri linatuluka lakuda bwino, ndipo ndinalibisa m'chikwama changa. Loyamba lija ndinaliponya m'katoni. Si kalata ya kukhoti, si ya kuchipatala, ndi nthano chabe. Loweruka NyaBanda anabwera monga mwa nthawi zonse, ndipo zitumbuwa zake ndinadya ziwiri.

Lachiwiri ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi. Ndikudutsa pa siteji ya akabaza ndinapeza gulu likufa ndi phwete. Mmodzi anaimirira pa mwala, akuwerenga mokweza pepala lonyowa mafuta, anzake akumuuza kuti abwereze. Ndinamva za mbande ya m'chubu, ndipo poyamba mtima unadumpha ndi chimwemwe, poti anali mawu odutsa m'zala zanga. Kenako wowerengayo anatchula dzina lija, ndipo onse anatembenuka n'kuloza bwalo la matabwa la tsidya la msewu. Wina anakuwa, "A Kansala awa! Ndani ali ndi peji teni? Ine ndili ndi naini!"

A Kansala ndinkawadziwa, Boma yonse inkawadziwa: mkulu wa malole a matabwa, amene anakhalapo khansala ndipo ankamveka kuti akufuna mpando woposa pamenepo. Koma aliyense ankangowatchula kuti a Kansala. Makalata awo ankatayipa ndi Tiwonge. Ine, mlendo wa miyezi isanu, dzina lawo lenileni sindinkalidziwa. Pano sindilitchula, ndinaphunzira.

Ndinafika ku shopu n'kupeza Tiwonge wabwera kale, atavala duku la pamaliro, kompyuta yake ili yoyaka. Anandipatsa moni bwinobwino. Ndisanaike n'komwe chikwama pansi, galimoto yaikulu inaima pakhomo penipeni, ndipo a Kansala analowa ngati mwini nyumba. Anamenyetsa masamba atatu amafuta patebulo la NyaTembo.

"Amama, dzina ili pansi apa ndi la shopu yanu kapena yayi?"

NyaTembo anavala magalasi n'kuwerenga.

"Akazi anga alandira peji iyi ku umanyano," anapitiriza a Kansala. "Azimayi akupatsirana pansi pa benchi! Ine ndatentha nkhalango? Ine? Zaka zonsezi ndikubweretsa ntchito muno, kumbali mukunditayipira manyazi? Shopu iyi mukuifunabe pa Boma pano?"

"Phepani chomene, adada. Ndapota, khalani pansi." NyaTembo anatembenuka. "Tiwonge, ichi n'chiyani? Buku ili amagwira ndiwe wekha."

Tiwonge anatenga tsamba limodzi, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulibwezera patebulo. Ine sanandiyang'ane. Anangoti, "Phepani, amama."

Ndinali nditaima pafupi ndi fotokope, chikwama chokhala ndi kope loyera lija chikundiotcha m'khwapa. Pakamwa panali poti nditsegule. Sindinatsegule. Ndinaganiza kuti mwina Tiwonge wasokonezeka ndi maliro, akuyesa kuti analakwitsa yekha, ndipo kamtima kena kanandinong'oneza kuti, ukhale chete, zikuyenda zokha.

Nthawi yomweyo a Shaba analowa ndi jumbo yawo. Anaona a Kansala, anaona masamba aja, ndipo anavula chipewa pang'onopang'ono. A Kansala anawathira mawu ambiri m'Chitumbuka, ena sindinawamve, koma a khoti ndi a kwa akuluakulu ndinawamva. A Shaba anadikira mpaka mkuluyo atapuma.

"Kulemba dzina ndalakwa," anatero. "Zinazo tikakambirana kumene mwanenako."

A Kansala anatuluka akupukuta thukuta, chitseko cha galimoto chinamveka mpaka ku depoti. Pamenepo a Shaba anayang'ana Tiwonge. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mwana wane, tinapangana chiyani ine ndi iwe?"

Tiwonge anaweramitsa mutu, misozi inagwera pa siketi. NyaTembo anati, "Tenga zako upite kunyumba. Sindingasunge munthu wonditenthera shopu." Tiwonge anatenga chitenje chake ndi kakontena ka chakudya, anagwada pang'ono kutsanzika, n'kutuluka. A Shaba anatenga makope awo m'dirowa, nawonso anatuluka.

"Iwe Mphatso, khala apo," anatero NyaTembo akuloza pawindo. "Ntchito isaime."

Ndinakhala. Ndipo popeza ndalonjeza kunena zoona, ndinene kuti zinandikomera. Kamphepo ka pawindo, kiyibodi yofewa, khushoni. Ndinatayipa makalata awiri ngati ndikuuluka. Anthu ankalowa n'kufunsa, "Tiwonge wali nkhu?" ndipo ine ndinkayankha kuti watuluka, bwerani ndikuthandizeni. Ena ankabwera, poti kunalibenso kwina. Ndinadziuza kuti Tiwonge ndi mwana wa konkuno, apeza pena. Ndinadziuzanso kuti wolakwa ndi mkulu wolemba mayina a anthu m'kope. Nsanje ili ndi maloya ambiri.

Cha m'ma thiri koloko a Shaba anabweranso. Nsapato zawo zinali fumbi lokhalokha, ndipo m'manja ananyamula jumbo ina yodzaza zitumbuwa. Anali atazungulira msika wonse, siteji ya akabaza, mpaka ku depoti, kupempha masamba awo. Kwa NyaBanda anagula zitumbuwa zonse zimene zinali zitakulungidwa kale. Anapeza masamba khumi ndi limodzi. Munthu wamkulu ngati amene uja, kugwadira anyamata a njinga kuti amubwezere pepala lamafuta! Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Anakoka mpando wanga wa pulasitiki n'kukhala pambali panga. Anapuma kaye.

"Mama, akuti ndiwe wachangu, ndipo Chichewa ndi chako. Ine ndakalamba, buku ili ndikufuna ndilione ndi maso ndisanapite. Ungandimalizire?"

Iwo anayamba kumasula linya.

"Koma umvetse chinthu chimodzi. Ine ndikalemba dzina labodza, mkwiyo umathawa, bolopeni imauma. Mbwenu m'kope ndimalemba dzina lenileni. Wotayipa ndi amene amasintha. Mayina ake salembedwa paliponse, umasunga m'mutu. Kope loyamba silipita m'katoni, ndimabwerera nalo ku Luwawa. Mnzako anasunga zimenezi miyezi itatu, sindikudziwa chamugwera n'chiyani."

Anaika makope asanu aja pamiyendo panga. Chinthu chimene ndinachilakalaka miyezi itatu chinali pamiyendo panga, chikununkhira utsi wa paini, ndipo chinkalemera ngati njerwa zonyowa. Ndinayang'ana zala za mkuluyo zili noninoni ndi mafuta a zitumbuwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kope loyera lija, n'kuliika pamwamba pa makopewo.

"Adada, ndinatayipa ndine. Tiwonge anali kumaliro. Ndinatenga m'dirowa osafunsa, ndipo m'katoni ndinaponya ndine."

"Chiuta wane!" anatero NyaTembo kutebulo kwawo.

A Shaba anatenga kope loyeralo n'kutembenuza masamba onse, limodzi ndi limodzi.

"Mulibe cholakwika ngakhale chimodzi," anatero. "Unatumidwa ndi munthu?"

"Ayi. Ndinkafuna muone kuti ndimatha kuposa iye."

"Ndipo m'mawa muja, akumuthamangitsa, unali pompano?"

"Ndinali pompano."

Anasonkhanitsa makope awo n'kuyamba kumanganso linya, mosafulumira.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyang'ana anthu olanda nkhalango," anatero. "Ndinkayesa kuti dyera limafuna chinthu chachikulu. Wolanda mpando wa pawindo ndinali ndisanamuone."

Mawu amenewo mpaka lero ndikawakumbukira nkhope imatentha. NyaTembo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Upite ukamutenge wekha. Wapansi, osakwera kabaza, uziganiza bwino m'njira. Akakana kubwera, nawenso usabwere."

Tiwonge ankakhala kuseri kwa chipatala, m'kanyumba ka lendi. Njira yonse ndinkakonza mawu, koma nditamupeza ali pakhonde akusankha nyemba m'lichero, onse anabalalika. Ndinagwada pafumbi ndi diresi yanga ya kutchalitchi n'kunena zonse mosalongosoka. Iye sanasiye kusankha nyemba.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinaona m'mawa nditangoyatsa kompyuta. Fayilo unaiseva ndi dzina lako. Ndinaifufuta amama asanaione."

"Unkadziwa? Nanga osanena bwanji?"

Anataya kamwala kunja kwa lichero.

"Akazi a a Kansala ndi a kwathu. Ine andikalipira, abale anga apita kukapepesa, mwezi umodzi nkhani yatha. Iwe ndiwe mlendo kuno. Azakhali ako benchi yawo ili mumsika umene mkulu uja ali ndi mawu. Akanamva kuti ndi mwana wa ku Dowa wachita zimenezi, akanakuyankhulira ndani?"

Ndinalira ngati mwana, ndipo iye anandisiya ndilire. Kenako anati, "Dzuka, diresi ikuda. Gwira mbali iyi, nyembazi zili ndi miyala chomene." Sanandiuze kuti wandikhululukira, ndipo sanandifunse chifukwa chake ndinachita zimenezo. Ndikuganiza kuti ankachidziwa kuyambira kale.

Anabwerera kuntchito Lachinayi. Ine ndinabwerera pakona panga, ndipo ndinakhalapo zaka zina ziwiri. Koma sikuti zonse zinabwerera m'malo. A Shaba anapita ndi akuluakulu a kwawo kukapepesa kwa a Kansala ndi mbuzi, ndipo chimene anagwirizana chinali chakuti mutu wachisanu ndi chiwiri uchotsedwe. Anaung'amba m'kope pamaso pa anthu n'kuutentha, pamodzi ndi kope langa loyera lija. Bukulo Tiwonge analimaliza, ndipo makope ochepa amene a Shaba anakwanitsa kupulinta ndinawaboola ndi kuwamanga ndine. Amene analiwerenga amati ndi lokoma, koma pakati pake pali ngati padumphidwa. Padumphidwadi. Mutu wokoma kuposa yonse, umene mkulu uja anausunga mumtima zaka zambiri, unathera m'manja mwanga. A Shaba ankandipatsabe moni Lachiwiri lililonse, mwaulemu, monga mmene munthu amapatsira moni mlendo wa pabasi.

Lero ndili ndi kashopu kanga pa Jenda, ndipo atsikana amene ndimawalemba ntchito ndimawauza zinthu ziwiri tsiku loyamba. Pepala lililonse lili ndi mwini wake, ngakhale lowonongeka, choncho silituluka m'shopu mwini wake asanalole. Ndipo ukapeza mnzako akuchita chinthu chooneka cholakwika pa ntchito imene wakhala akuigwira iwe usanabwere, yamba wamufunsa usanawombe m'manja.

Za nsanje sindiwauza, poti sindinganame kuti inatha. Inangosamuka. Miyezi yonse ija ndinkawerenga zimene Tiwonge anali nazo n'kumadya nazo mutu, osadziwa kuti chenicheni chimene anandiposa nacho sindinachione n'komwe. Ndayesa zaka zonsezi kudzifunsa ngati ine ndikanaima pamaso pa a Kansala n'kusenza mlandu wa munthu amene ankandida, ndipo yankho lake ndikulidziwa. Chimenecho ndiye ndimamuchitira nacho nsanje mpaka pano.